Lenzi ya 50mm ndi khoma la kumbuyo kwanu

Aliyense amene wangogula kamera yoyamba ya mirrorless amamva uphungu umodzimodzi pa YouTube: chotsani kalenzi kobwera ndi kamera, gulani 50mm f/1.8. Achinyamata amene amatithandiza kujambula mavidiyo kuwailesi amabwera ndi nkhani yomweyo, ena atasunga kale ndalama yake. Ife timayamba tawafunsa kuti sitting room ya kwawo ndi yaikulu bwanji.

Opereka uphunguwo sanama. Lenziyo ndi yotchipa, imalowetsa kuwala kwambiri, ndipo imafewetsa zakumbuyo mpaka munthu n'kuoneka ngati wa m'filimu. Koma ambiri a iwo ali ndi makamera a full frame ndi zipinda zazikulu. Makamera amene ife timakwanitsa, monga Sony a6000, ZV-E10, Canon M50 kapena R50, ali ndi sensa yaing'ono yotchedwa APS-C. Pa sensa imeneyi lenzi imaona mopanikiza: 50mm imakhala ngati 75mm pa Sony, ngati 80mm pa Canon.

Tiyeni tiziike m'mamita. Mukaima mamita 3 kuchokera pa anthu, 50mm imatenga malo okwana mita 1.4 chabe m'lifupi. Amenewo ndi anthu awiri pa sofa, wachitatu wadulidwa phewa. Manje ganizirani chilanga mulilo ku Mtendere kapena ku George, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Azimai alowa ndi mapoto pamutu, alangizi akuimba, ng'oma ili pakona. Mufuna kubwerera m'mbuyo, msana wagunda khoma. Amai ake a mkwatibwi akadzaona vidiyo imene mulibe theka la abale awo, sadzafunsa za f/1.8. Ndalama yotsala muiiwale, ndipo m'komboni mbiri ya wojambula imathamanga kuposa minibasi.

Pa mamita 3 omwewo, 30mm imatenga mamita 2.3, 23mm pafupifupi mamita 3, pomwe 16mm imapitirira 4.

Kalenzi kobwera ndi kamera anthu amakanyoza mopitirira. Ka Sony ka 16-50mm kamayambira potakata, ndipo kali ndi chochepetsa kugwedera kwa manja, chimene a6000 ndi ZV-E10 zilibe m'kati mwake. Masana pamsika wa Chawama kamagwira ntchito bwinobwino. Vuto lake ndi mdima. Mukakakokera pa 50mm kamatsekeka mpaka f/5.6, ndipo kuwala kolowa kumachepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/1.8. Pa zithunzi mutha kuthawira ku flash. Pa vidiyo manja ndi omangika: magetsi athu ndi a 50Hz, choncho timajambula mafelemu 25 pa sekondi ndi shutter ya 1/50 kuti mababu asamaphethire. Malaiti akapita, m'chipinda cha kawindo kamodzi kokhala ndi katani, chotsala ndi kukweza ISO basi, nkhope za anthu n'kudzaza timadontho ngati mchenga.

N'chifukwa chake ife timati lenzi yachiwiri ikhale yotakata ndiponso yotseguka maningi, pakati pa 23mm ndi 30mm. Sigma 30mm f/1.4 ndiyo timaikonda pocheza ndi munthu mmodzi kapena awiri, monga mai wogulitsa tomato akamakamba za mitengo. Viltrox 23mm f/1.4 imakwana bwino m'nyumba zathu. Ya 16mm f/1.4 ndi yabwino pojambula kwaya yonse kapena podzijambula wekha, koma mukaiyandikiza kumaso mphuno imakula, ndipo palibe mkwatibwi amene angakukhululukireni zimenezo. Zitatuzi zilibe chochepetsa kugwedera, ndiye muwerengeretu ndalama ya tripod.

Ya 50mm ili ndi malo ake, koma panja: zithunzi za graduation ku UNZA, kapena banja potuluka m'tchalitchi ku Matero, pamene muli ndi bwalo lobwereramo. Pa vidiyo, dzuwa la Okutobala ndi f/1.8 zimayeretsa chilichonse mbuu, pokhapokha mutagulanso ND filter, kagalasi kakuda kovala kutsogolo kwa lenzi. Musanatulutse ngwee, kokerani kalenzi kanu pa 50 ndi kuyenda nako m'nyumba mwanu madzulo amodzi, kenaka mukaike pa 24. Mudzadzionera nokha.

Ambiri timagula za second hand, m'tauni kapena pa Facebook, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Lenzi iliyonse ili ndi pakamwa pake pomangira. Za Sony E sizilowa pa Canon. Ngakhale za Canon zokhazokha zimakanana: ya EF-M ya pa M50 siilowa pa R50, ndipo mu 2023 Canon inasiya kupanga makamera a mtundu wa M. Amene ali ndi M50 angachite bwino kugula adaputa ndi malenzi akale a EF, chifukwa amenewo adzasamuka nawo tsiku limene adzasinthe kamera.

Pokumana ndi wogulitsa, tengani kamera yanu, mangani lenziyo, muone ngati ikugwira nkhope msanga. Kenaka muichotse ndi kuunikira m'kati ndi tochi ya foni. Kafumbi pang'ono si kanthu, Lusaka yonse ndi fumbi kuyambira Ogasiti. Koma mukaona timizere ngati ulusi wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu yomera chifukwa cha chinyontho, ndipo imadya galasi. Anzathu a ku Kanyama, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya mvula, amasunga malenzi m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamwamba pa wadirobu, pamodzi ndi timapaketi ta silika totuluka m'mabokosi a nsapato.