Mapepala a maloya ku Lincoln's Inn

Ukachoka mu Chancery Lane n'kulowa pachipata chakale cha njerwa, phokoso la London limatsalira kunja. M'katimo muli kapinga wometedwa bwino, tchalitchi choimikidwa pazipilala, ndi makomo olembedwa mayina a maloya, lina pansi pa linzake. Pano ndi pa Lincoln's Inn, limodzi mwa mabungwe anayi amene amapatsa munthu mphamvu yokhala barrister, loya woyankhula pamaso pa woweruza.

Ine ndinalunjika ku laibulale, nyumba ya njerwa zofiira imene Mfumukazi Victoria anatsegula mu 1845. Mlendo salowa chilowelowe, amayamba wapempha. Cholembera cha inki ndinachisiya m'chikwama, ndinatenga pensulo basi. Buku lakale saliyala patebulo pouma, amaligoneka pakatsamiro kuti msana wake usathyoke, ndipo tsamba umalitembenuza ngati ukunyamula khanda.

Muno amasunga ma Black Books, kaundula wa zokambirana za akuluakulu a bungweli kuyambira 1422. Koma chimene chinandigwira mtima ndi zolemba pamanja za Sir Matthew Hale, loya amene anadzakhala woweruza wamkulu. Asanamwalire mu 1676 analemba mu wilo kuti zimene anasonkhanitsa moyo wake wonse zibwere kuno. Sanasiyire achibale kuti adzaganize okha maliro atatha. Papita zaka zoposa 300, zikuwerengekabe.

Ndinakhala phee, maganizo ali kumudzi. Pano m'pamene Orton Chirwa anavomerezedwa kukhala barrister mu 1958. Anadzakhala nduna ya zachilungamo, kenako anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Bungwe ngati ili limasunga dzina la munthu ndi tsiku limene anavomerezedwa. Makalata opita kwa mkazi wake, zithunzi za ana, timabuku tolembamo milandu ya anthu osauka, zimenezo zimatsala m'manja mwa banja.

Malemu amalume anga analinso loya. Mapepala awo ali m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi, pasimenti pomwe pamachita chinyontho dzinja lililonse, ndipo chiswe chinalawa kale ngodya imodzi. Nditangotuluka pachipata ndinaimbira foni achemwali.

"Achemwali, sutikesi ya amalume ija muikweze pathandala lero lomwe. Mapini adzimbiri muchotse, koma musataye kapepala ngakhale kamodzi."

Anandifunsa ngati malisiti a sukulu fizi nawonso ndi ofunika. Ndinati inde, amenewonso.