Agalu a Alamu Anga ndi Bondo Langa Latsopano

Munthu amene amuika bondo lochita kupanga saloledwa kumangogona. Madokotala amapala nsonga za mafupa awiri, la ntchafu ndi la msongolo, n'kuziveka zitsulo, ndipo pakati pake amaikapo pulasitiki yolimba. Komabe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake amamuuza kuti aimirire. Amatero chifukwa bondo losapindidwa limauma, ndiponso magazi a munthu wongogona angaundane m'mitsempha ya mwendo. Magazi oundanawo akafika kumapapo, moyo umakhala pangozi.

Ine ndinachitidwa opaleshoni imeneyi mu 2023, bondo langa litaperepeseka chifukwa cha ngozi yakale ya njinga yamoto. Nditangotha masabata atatu kwathu ku Ulongwe, alamu anga anaitanidwa kuntchito ku Moatize, ndipo analibe wowasungira agalu awo awiri. Amayi akunyumba sanafune. Anati, "Abambo, galu akakudumphirani n'kukugwetsani, tidzalowera kuti?" Mantha awo anali omveka, pakuti kugwa kamodzi kungapasule zonse zimene madokotala anakonza. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Alamu angawa ndiwo anagulitsa ng'ombe yawo kuti ndalama za kuchipatala zikwane.

Choncho tinawalandira agaluwo, koma tinaika malamulo. Tinayamba tatsimikiza kuti anabayidwa katemera wa chiwewe. M'nyumba sankalowa. Chingwe chawo sindinkachigwira, kuopa kuti angandikoke. Sankaloledwanso kuyandikira bala, chifukwa tizilombo tikafika pa chitsulo cha m'bondo sitimva mankhwala msanga, ndipo nthawi zina wodwala amabwerezedwa opaleshoni. Mwana ankanyamula mphika ndi kutsekera agalu m'khola. Ntchito yanga inali kufika pakholapo m'mawa ndi madzulo, n'kuwagawira nsima ndi madzi.

Inali nyengo ya chisanu, ndipo nonse mukudziwa mmene kumazizirira kuno ku Angónia m'mwezi wa June. M'mawa bondo linkakhala gwa, ngati chikuni. Pepala la masewera olimbitsa mwendo limene wodwala amapatsidwa kuchipatala silidandaula munthu akalisiya. Koma galu wanjala amalira mpaka wina atuluke. Kulira kumeneko n'kumene kunkandidzutsa. Poyamba ndinkapita ndi ndodo ziwiri, ndikupumira panjira. Atakwana masabata asanu ndi limodzi chichitireni opaleshoni, inatsala ndodo imodzi. Pofika mwezi wachitatu ndinkafika kudimba, agalu ali patsogolo. Bondo lotere lingatenge chaka chathunthu kuti lichire bwinobwino, koma maziko ake amamangidwa m'masabata oyambawo.

Ambiri a inu munabwera kudzandizonda, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Mawu amene ndinkamva kawirikawiri anali akuti, "Khalani pansi, abusa, tikuchitirani." Awa ndi mawu achikondi. Koma wodwala amene walandidwa ntchito zonse amayamba kudziona ngati katundu pakhomo, ndipo mtima ukafooka, mwendo nawonso umafooka. Agalu aja sankadziwa zoti ndine wodwala. Ankangodziwa kuti chakudya chawo chili m'manja mwanga.

Tsono ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akuchira, funsani a dokotala zimene angathe kuchita, kenaka mumusiyire kantchito kakekake: kuwaza madeya a nkhuku, kusenda nyemba, kapena kumvetsera mwana akamawerenga. Zolemera musenze ndinu, koma pakhale china chimene chizidikira iyeyo m'mawa uliwonse.