Mzere Wodutsa pa 40

Pepala la galafu ndinkadana nalo kwabasi. Timabokosi tosawerengeka, pakati pake mizere iwiri yopingasana: wogona n'kumautcha x, woimirira n'kumautcha y. Aphunzitsi athu a masamu ku Fomu 2 ankati nzeru imeneyi inachokera kwa Mfalansa wina, René Descartes, yemwe anasindikiza buku lake mu 1637. Chamumtima ndinkati bamboyo analibe munda woti akalime.

Tsiku lina anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba. Aliyense apeze samu yakeyake ya mtundu wa y = mx + c kuchokera pa zimene amaona kwawo, aijambule. Ine ndinasankha mandasi a amayi. Mu 2003 ankagulitsa limodzi K5, pamene ufa, shuga, mafuta ndi nkhuni za tsiku limodzi zinkadya K200. Pa mtanda umodzi pankatuluka mandasi 60. Samu yanga inali y = 5x − 200, x kuimira mandasi ogulitsidwa, y ndalama yotsala mpamba ukachotsedwa.

Mzere woongoka umangofuna timadontho tiwiri, kachitatu n'kongotsimikizira kuti sunasokoneze. Koyamba ndinakaika pa (0, −200), pansi penipeni pa pepala, pomwe amayi ankayambira m'mawa uliwonse asanagulitse kanthu. Kachiwiri pa (60, 100). Nditagoneka rula n'kulemba, mzere wanga unadula mzere wa x pa 40 ndendende.

Ndinakhala duu, pensulo ili kukamwa. Mandasi 40 oyambirira sanali athu, ankangobweza mpamba. Athu anali 20 omalizira, kachidutswa kakafupi ka mzere kamene kanatumphukira pamwamba. Tsono ine ndi ang'ono anga awiri tinali ndi chizolowezi. Amayi akapita kukasamba, aliyense ankasolola awiri m'beseni, otentha bwino, n'kukadyera kuseri kwa khitchini. Tinkadzinamiza kuti asanu ndi limodzi pa 60 sangaoneke. Pepala lija linandionetsa kuti tinkatapa pa 20 paja. Ndinatsetsereka ndi chala pa mzere mpaka pa (54, 70). K30 pa K100 iliyonse imene amayi ankaidzukira tambala woyamba inkathera m'mimba mwathu.

Madzulo ndinawapeza akukanda mtanda wa mawa. Amayi analekezera sukulu Sitandade 4, choncho ndinayamba kuwafotokozera modzimva ngati mphunzitsi.

"Amayi, taonani. Apa ndi pamene mpamba wanu umabwerera."

Anangoponyako diso kamodzi.

"Zimenezo n'zodziwa kale, mwanawe. Mpamba umabwerera m'beseni mukatsala 20. Kungoti chiyambire chaka chino ukumabwerera mukatsala 14."

Ananena osandiyang'ana, manja ali mu mtanda. Ndinapinda pepala langa n'kukalowa m'nyumba, ndipo nsima ya usiku umenewo inandivuta kumeza.

M'mawa mwake aphunzitsi anandipatsa malikisi 8 pa 10. Awiriwo anandidula chifukwa ndinaiwala kulemba x ndi y kumapeto kwa mizere yake.