Adzukulu a ku Pfupajena

Ku Chegutu munthu akafuna kukudziwa safunsa dzina lokha. Amafunsa mutupo. Kwa anzathu Achishona mutupo ndi mfunda wochokera kwa bambo, monga Shumba, Moyo, Soko kapena Shava, ndipo ukangoutchula wofunsayo amadziwa pompo kuti ndiwe ndani kwa iye: mlamu, mdzukulu, kapena mlongo woti sangamufunsire. Ife ana a anthu ochokera ku Malawi tinkati tikafunsidwa timayankha kuti Banda kapena Phiri, wofunsa uja n'kumadikirabe ngati kuti yankho lenileni likubwera m'mbuyo.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pa malole aja ankawatcha Ulere chifukwa ankanyamula ofuna ntchito osalipiritsa. Anayamba ku mafamu a fodya, kenako analowa ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, tauni ino ikadali kutchedwa Hartley ndipo Kadoma ali Gatooma. Mayina awiriwa anasintha mu 1982, koma agogo anamwalira akunenabe Hatile. Anzawo ena anathera ku migodi ya golide, ku Cam and Motor kufupi ndi Kadoma ndi ku Dalny ku Chakari. Onsewa pochoka kwawo ankati akukangopeza ya njinga ndi bulangete. Kumudzi anawatcha machona. Kuno anawatcha Manyasarandi, Mabhurandaya (kuchokera ku dzina la Blantyre), ndi mayina ena oti sindingawalembe pano.

Bambo anga anabadwira mu Pfupajena momwemu, dzina limene m'chinenero chathu tingati fupa loyera, ndipo anakwatira mkazi wa ku Mhondoro. Apa ndi pamene nkhani yanga inapindikira. Pa Chichewa mwana ndi wa kuchikazi; mwini mbumba ndi atsibweni, alongo awo a mayi. Pa Chishona mwana ndi wa bambo, chifukwa ng'ombe za malowolo zinapita. Ndiye a kwa bambo akandiyang'ana ankaona mwana wa ku Mhondoro, a ku Mhondoro akandiyang'ana ankaona muzukuru, mwana wa mkamwini wachilendo, wokondedwa ndithu koma wopanda mawu pa nkhani za munda ndi mizimu. Palibe anandikana. Aliyense anangondipereka mwaulemu kwa mnzake. Msuweni wanga, amene bambo ake ndi Mshona ndipo mayi ake ndi Mchewa, mbali zonse ziwiri zimamulimbirana, ndipo mpaka lero ndimamuseka kuti anabadwa ndi minda iwiri.

Boma nalo linali ndi yankho lake. Pa zitupa za anthu ambiri obadwira konkuno panalembedwa mawu akuti Alien. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene kholo lake linali lakunja anayenera kukakana unzika wa dziko la khololo, ngakhale anali asanapondeko, ndipo ochuluka anataya mwayi wovota. Nthawi yomweyo mafamu ankalandidwa, ndipo antchito ake, ambiri a iwo adzukulu a Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique, analibe mudzi wothawirako. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabweza unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Ndi chinthu chachikulu ndipo sindichipeputsa. Koma pepala limangokuuza dziko limene lingakupatse pasipoti. Funso limene agogo ankaliopa linali lina: ndikafa, adzandinyamula ndani?

Kwathu ku Dedza, iwo ankatero, maliro sagwira achibale. Pamakhala adzukulu, anthu a banja lina, amene amasambitsa thupi, kukumba manda ndi kukwirira, achibale ali pa siwa kulira. Mawa kukagwa zovuta kwa adzukuluwo, inu ndinu mumakagwira. Mudzi umayenda choncho, mabanja kusinthana maliro. Nanga kuno, kumene munthu anabwera yekha ndi kachikwama? Machona aja anachita kuupanga mudziwo ndi manja. Anayambitsa masosaiti a maliro, buku limodzi, msungichuma mmodzi, chopereka mwezi ndi mwezi. Mu sosaiti ya agogo munali Myao wa ku Mangochi wopemphera ku mzikiti, Mnsenga wa ku Petauke, Mnyungwe wa ku Tete, akulu ampingo a CCAP, ndi amuna ena amene Loweruka madzulo ankasowa mwadzidzidzi ng'oma za gule wamkulu zikayamba kulira. Kumudzi anthu amenewa sakanadyera mbale imodzi. Kuno ankatchulana achimwene, mpaka Ashona anatenga mawuwo n'kuwasandutsa dzina la mtundu wathu wonse.

Ubale wopanga umenewu unali ndi ntchito, ndipo ndi ntchitoyo imene inandiumba. Amene ndinkawatcha atsibweni sanali alongo awo a mayi. Anali mnzawo wa agogo wa pa makina oluka. Ndi iwo anandilipirira mayeso chaka chimene ntchito ya ku fakitale inayamba kuvuta, ndipo ndi iwo anandikoka khutu nditayankha munthu wamkulu ndili chiimire. Amayi ena a mu mzere wathu, ochokera ku Ntcheu, anandiphunzitsa kunena "zikomo" polowa pa khomo ndi "ndapita" potuluka. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachitola kwa iwo, kuwonjezapo cha m'buku la nyimbo la kutchalitchi, n'chifukwa chake a ku Lilongwe akandimva amati ndimayankhula ngati gogo.

Za gule ndinene pang'ono. Anzanga a kusukulu ankathawa zvigure, monga amatchulira kuno, n'kumati ndi ufiti wa Amalawi. Pamene UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, Zimbabwe sinali pa mndandandawo, chonsecho m'makomboni a migodi ndi mafamu a kuno ng'oma sizinaleke kulira. Banja lathu linali la mpingo ndipo sitinkapita ku bwalo, koma mlandu wa gule tinkausenza limodzi ndi ovinawo. Munthu amakhalanso wa gulu limene amanyozedwa nalo pamodzi, afune asafune.

Ndinapitako ku Dedza kamodzi, ndili wamkulu kale. Anandilandira ndi nkhuku, nandionetsa pamene panali nyumba ya amayi awo a agogo. Gogo wina anawerenga mayina a mbumba yonse osaphonya, nafika pa agogo anga n'kunena kuti, "Ameneyo anachona." Ine anandiika pamalo panga mosavuta: mdzukulu wa mwana wamwamuna, mlendo wolemekezeka wa ku Halale. Anali olondola mwa mwambo wawo, ndipo sindinakhumudwe. Ndinangoona kuti pa tsiku lachinayi ndayamba kulakalaka fumbi la ku Chegutu.

Chimene ndimachiona chokoma kwambiri n'chakuti miyambo iwiri ija, imene inkandikankhirana, pa maliro inagwirizana. Ashona ali ndi sahwira, bwenzi la banja losakhala wachibale, amene pa maliro amaseka womwalira, kuulula zimene achibale akubisa, ndi kugwira thupi. Akuluakulu athu atamuona anamuzindikira msanga: uyu ndi mdzukulu. Agogo atamwalira, amene anavala jekete yawo yakale n'kumayenda motsimphina monga iwo, akutsanzira Chishona chawo chopindika mpaka amasiye anaseka m'kati mwa misozi, anali bambo wa mutupo wa Moyo wa khomo loyandikana nalo. Bokosi analinyamula ndi Myao uja ndi ana a Mnsenga uja.

Buku la sosaiti lija lilipobe, ngakhale chikuto chasinthidwa kangapo. Oyambitsa onse anatha. Mayina a m'katimo tsopano ndi osakanikirana, a Phiri ndi a Mwale pakati pa a Moyo ndi a Shumba, ndipo misonkhano imachitika m'Chishona, kupatula pemphero lotsegulira. Ena olembedwamo ali ku Johannesburg ndipo chopereka amatumiza pa foni. Dzina langa lili pa tsamba lachitatu. Mwezi wathawu kunagwa maliro a mayi wina wa mu mzere wachiwiri, wa ku Zvimba, amene ana ake onse ali kunja. Foni inalira isanakwane 4 koloko m'mawa, ndipo wondiimbirayo anangoti, "Achimwene, bweretsani fosholo."