Tsiku la masamu a sikelo mu labu

Belu loyamba lisanalire, wothandizira mu labu watsegula kale mawindo. Wayala mabika, mafanelo ndi mapepala osefera pa benchi iliyonse. Sikelo ndi imodzi pasukulu yonse, ndiye amaigwira ngati dzira.

A Folomu 4 akulowa ndi phokoso. Gulu lililonse lapatsidwa magiramu 5.3 a sodium carbonate, ndi calcium chloride wopitirira muyeso kuti asaperewere. "Wina asakhudze kanthu," akutero Madamu. "Yambani mwawerengera zimene mukuyembekezera kupeza." Magiramu 106 a sodium carbonate amatulutsa magiramu 100 a calcium carbonate, yemwe amapezekanso m'miyala ya laimu ya ku Chenkumbi ku Balaka. Choncho 5.3 ayenera kutulutsa 5.0, chilichonse chikayenda bwino. Atazisungunula m'madzi n'kusakaniza, madziwo akuyera mbuu ndi ufa wa calcium carbonate. Akusefa, kutsuka, n'kuyanika ufawo pawindo kuti uume ndi dzuwa.

Cha m'ma 10 koloko ndi nthawi ya a Folomu 3. Iwo akuwotcha kachidutswa ka magnesium ka magiramu 0.24 m'kambiya kovundikira. Buku likuti payenera kutuluka magiramu 0.40 a magnesium oxide. Koma kuti mpweya ulowe, chivundikiro chiyenera kutukulidwa pang'ono, ndipo nthawi iliyonse kautsi koyera kakuthawa. Kautsi kameneko ndi magnesium oxide yemweyo amene akufuna kuyeza. Gulu lina lapeza 0.32. Akugawa 0.32 ndi 0.40, kuchulukitsa ndi 100, yankho 80 peresenti.

Nthawi ya nkhomaliro itayandikira, gulu lina la Folomu 4 lathamangira ku sikelo lisanaitanidwe. Atachotsera kulemera kwa pepala, apeza 5.6.

"Madamu, ife tapeza 112 peresenti! Taposa onse!"

"Mwaposa ndani? Ma atomu saberekana m'bika. Takhudzani ufawo."

Ukadali wonyowa. Zimene ayeza ndi ufa pamodzi ndi madzi. Akuubwezera padzuwa ali chete, anzawo akuseka.

Masana, mzere wa pa sikelo wafika pakhomo. Gulu lija tsopano lapeza 4.1, kutanthauza 82 peresenti. Mnyamata wina akunong'oneza mnzake kuti angolemba 4.9, aoneke akatswiri. Madamu amumva. Akuti malikisi sali pa kukula kwa nambala, ali pa kulongosola kumene magiramu 0.9 apita. Apa m'pamene kalasi likutentha. Wina akuloza bika lawo, mmene ufa wakanirira m'mbali. Wina akukumbukira kuti madzi osefedwa anatuluka a mbuu chifukwa pepala linabooka. Wina akuti mphepo inauluza pang'ono pawindo paja.

Madamu akuwonjezera chifukwa chimene si cha manja a munthu: zinthu zina sizisinthika zonse ngakhale musamale chotani. Akutchula njira ya Haber yopangira ammonia, amene amapangira feteleza wa urea. Nitrogen ndi hydrogen zikadutsa kamodzi m'makina, pafupifupi 15 peresenti yokha ndiyo imasanduka ammonia. Zotsalazo sazitaya, amazibwezeranso mobwerezabwereza mpaka pafupifupi zonse zitagwira ntchito. Kufakitale, peresenti iliyonse yotayika ndi ndalama.

Panja ophunzira a open ayamba kusuzumira, akudikira chipinda. Mabika akutsukidwa mothamanga, Madamu akulemba funso la kunyumba: ngati dzanja lanu limatulutsa 82 peresenti, ndipo mukufuna magiramu 10 a calcium carbonate, muyambe ndi sodium carbonate wochuluka bwanji?

Mkangano wayambira pakhonde pomwepo. Ambiri akuti 10.6. Mtsikana wina akukana, akuti limenelo ndi yankho la munthu amene sataya kanthu, pomwe iwo lero ataya. Akugawa 10.6 ndi 0.82 pachikuto cha kope lake, n'kuwaonetsa 12.9.