Za Lamba Wobisika M'galimoto Yakale

Makolo athu amene anadza kuno ndi Wenela, pobwerera kumudzi ananyamula sutikesi, mabulangete ndi njinga. Njingayo sinabisa kanthu: cheni cace cinali poyera, munthu anaciona ndi maso nacithira oilo, ndipo cikaduka anacilumikiza pansi pa mtengo napitirira ulendo wace. Ife ana ao mtima wathu uli pa galimoto. Palibe cipinda m'mahositelo muno m'mene simukambidwa za Tazz, Corsa kapena Hilux imene wina waiona pa malonda, ndipo pofika October ndi November nkhanizo zikula, pakuti yense afuna kukafika kwao pa Khrisimasi ali pa ciongolero ca iye mwini. Sitiletsa zimenezi ai. Koma galimoto imene thumba lathu lifikira ndiyo yakale, yopita kale m'manja mwa anthu atatu kapena anai, ndipo mwa zambiri za izo muli lamba wina wobisika amene tifuna kukamba nanu za iye, abale.

Tikapita kukaona galimoto, tonse ticita cimodzimodzi. Tiizungulira kuyang'ana penti, tiponda matayala ndi nsapato, tiyatsa wailesi, ndipo wodziwako pang'ono aima kumbuyo kuona mtundu wa utsi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamba tirikunenayu amakaniko amucha timing belt, ndipo ambiri a kuno ati cambelt. Si uja muona mukatsegula boneti, wozunguza alternator, amene alira ngati mbewa m'mawa kukazizira. Ameneyo ndi fan belt, ndipo akaduka bvuto lace ndi laling'ono. Uyu akhala pa mbali pa injini, kuseri kwa cibvundikiro ca pulasitiki. Ndi wa mphira wolukidwa ndi ulusi wolimba m'kati, ndipo ali ndi mano.

Nchito yace ndi iyi. Pansi pa injini pali citsulo cozungulira cochedwa crankshaft, cimene mapisitoni acikankha pokwera ndi kutsika. Pamwamba pali cina, camshaft, cimene citsegula ndi kutseka mavalavu, kuti mpweya ulowe ndi utsi uturuke. Lambayo amanga ziwirizi pamodzi, kuti ca pansi cikazungulira kawiri, ca pamwamba cizungulire kamodzi, osaphonya ngakhale dzino limodzi. Ziri ngati amai awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akweza munsi pamene mnzace atsitsa, ndipo mmodzi akasokoneza nthawi, minsi iombana. Koma liwiro lace si la pa mtondo. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, monga icita pa mseu waukuru, valavu iri yonse itseguka ka 25 pa sekondi imodzi.

Tsono lamba akaduka, camshaft iima pomwepo, mavalavu ena ali cotsegukira, koma mapisitoni akali kuthamanga ndi mphamvu ya galimoto. M'mainjini ena muli danga lokwanira, kotero kuti sizikhudzana. Muika lamba watsopano ndi kupita. Koma m'mainjini ambiri, ndipo makamaka a dizilo, dangalo mulibe. Pisitoni imenya valavu niipinda, nthawi zina pisitoni yomwe isweka, ndipo mutu wa injini uyenera kucotsedwa kupita kwa okonza. Zonsezi zicitika musanafike ngakhale poponda buleki. Coipa koposa ndi cakuti kawirikawiri lambayu sacenjeza. Mabuleki akatha alira, batire ikafooka ibvuta m'mawa, koma uyu angathe kugwira nchito bwino lomwe kufikira mphindi imene aduka.

Nanga adukira kuti? Galimoto imene inazolowera kuyenda pang'ono m'tauni, ife tiisenzetsa firiji, matiresi, matumba a shuga ndi anthu asanu, ndi kuiyendetsa usana ndi usiku. Kucokera ku Johannesburg kudzera Polokwane ndi Musina kufika pa Beitbridge, kupyola Masvingo ndi Harare, kuturuka pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, kukwera ku Zobue ndi Mwanza kufikira Blantyre, ndi makilomita opitirira 1,700. Amene mwayendamo mudziwa kutentha kwa pakati pa Changara ndi Tete m'mwezi wa December. Munthu akaima pamenepo ndi injini yosweka, alipira woikoka, alipira pogona, agona ndi diso limodzi kulonda katundu, ndipo zitsulo ayenera kuziitanitsa kutari ndi ndarama za dziko lina. Ndarama zimene anasungira malata a nyumba ndi fizi ya ana zithera pa mseu. Masiku a chuthi nawonso athera pomwepo, ndipo bwana wa kuno sadikira munthu wocedwa mu January.

Si galimoto zonse ziri naye lambayu. Zina ziyendera cheni ca citsulo cosambira m'oilo, monga bakkie ija ya Nissan 1400 imene inaleka kupangidwa mu 2008, ndi Quantum ya petulo ya 2.7. Koma Toyota Tazz, Citi Golf imene inapangidwa kuno kufikira 2009, Opel Corsa Lite, ndi Hilux kapena Quantum ya dizilo ya 2.5 D-4D, zonsezi ndi za lamba. Cifukwa cace funso loyamba ndi lakuti, kodi injini iyi ndi ya lamba kapena ya cheni? Dzina la galimoto lokha silikwanira, pakuti Quantum ziwiri zofanana kunja zingathe kusiyana m'kati.

Opanga magalimoto analemba nthawi yosinthira m'buku la galimoto iri yonse. Pa zambiri za petulo igwa pakati pa makilomita 60,000 ndi 100,000, ndipo pa D-4D ija ndi 150,000. Koma pali zaka zomwe, pakuti mphira ukalamba ngakhale galimoto iri cikhalire. Wogulitsa akakuuzani mokondwa kuti galimoto iyi inali ya agogo ena amene sanayende nayo kutari, musasekerere msanga. Lamba wa zaka 8 ndi wokalamba, ngakhale makilomita acepe. Ndiponso oilo akamadonthera pa iye kucokera m'masilo otha, amuoletsa nthawi yace isanakwane.

Mukafunsa, yankho tilidziwa kale tonse: "Tangosintha kumene." Mau amenewa sagula kanthu. Pemphani lisiti lolembedwa tsiku ndi makilomita, kapena buku la sevisi, kapena kapepala komata amakaniko pa cibvundikiro ca lambayo. Pa Hilux ndi Quantum za dizilo pali nyali yolembedwa T-BELT, ndipo ena akhulupira kuti ikakhala yozima zonse ziri bwino. Nyaliyo siona lamba konse; ingowerenga makilomita, ndipo munthu wodziwa angathe kuizimitsa osasintha kanthu. Pepala la roadworthy nalonso lisakunyengeni. Oyesa aja ayang'ana mabuleki, nyali, matayala ndi ciongolero, koma satsegula injini. Ndipo kumbukirani kuti lamulo la Consumer Protection Act la 2008, limene lipatsa wogula miyezi 6 yobwezera cinthu coonongeka, ligwira pa ogulitsa a bizinesi. Mukagula kwa munthu wamba ndi kusaina pepala lokhala ndi liu lija lakuti voetstoots, mwabvomera kuitenga monga iri.

Nkwabwino kupita ndi makaniko amene angamasule cibvundikiro ca pamwamba, pakuti pa magalimoto ambiri ndi nchito ya mphindi zowerengeka. Akaona ming'alu, mano odyeka, ulusi woturuka m'mphepete kapena oilo, nkhani yatha. Koma akaona lamba wooneka bwino, nkhani sinathe, cifukwa maso sawerenga zaka za mphira. Maganizo athu ndi awa: popanda pepala, muyese kuti lambayo sanasinthidwe. Funsani mtengo wa nchitoyo musanalipire galimoto, ndipo muucotse pa mtengo umene wogulitsa wachula. Akakana, zilipo galimoto zina. Ndarama ya lamba iwawa, inde, koma ya mutu wa injini iiposa kangapo.

Posintha musagule lamba yekha. Pali kagudumu komukoka kuti akhale wolimba, kochedwa tensioner, ndi tina tomutsogolera. Kamodzi ka ito kakauma, kadula ngakhale lamba wa dzulo. Pa Corsa ndi zina zotere pampu ya madzi iyendetsedwa ndi lamba yemweyo, tsono isinthidwe tsiku lomwelo, pamene zonse ziri comasula, kuti musalipire makaniko kawiri. Gulani m'sitolo yopereka lisiti, pakuti zitsulo zonyenga za m'mabokosi okongola zacuruka. Amakaniko athu a pansi pa mtengo ambiri adziwa nchito, sitiwanyoza. Koma imani pomwepo muone kuti walinganiza zizindikiro, ndi kuti wazunguza injini ndi sipanala kawiri asanalize. Mumuuze akupatseni zakalezo m'manja. Ndipo nchito iyi icitike kukali masabata awiri kapena atatu, kuti colakwa cioneke muli kuno, osati usiku womanga katundu.

Zikacitika pa mseu, kuti injini yazima mwadzidzidzi, ndipo poliza sitata imveka yothamanga mopepuka kusiyana ndi masiku onse, lekani pomwepo. Musalizenso, ndipo musaitane anthu kuti akankhe, pakuti kuzunguza kuli konse kungapinde mavalavu amene anapulumuka. Tsegulani cibvundikiro muone lamba poyamba.

Kanthu kena katsala. Galimoto zambiri mwa ife zigulitsidwa pakati pa ife tokha, kwa mnansi wa cipinda cimodzi kapena kwa mbale amene tikhala naye pa benchi limodzi tsiku la Sabata, ndipo iye safunsa zambiri cifukwa acita manyazi kukayika mnzace. Inu wogulitsa, ngati simunasinthe lamba, kapena simudziwa za mwini woyamba, muuzeni asanafunse, ndi kutsitsako mtengo. Ngati munasintha, mpatseni lisiti pamodzi ndi makiyi, ndipo tsiku ndi makilomita muzilembe ndi penti pa cibvundikiro ca lambayo, pamene makaniko ali yense wa ku Tete kapena ku Limbe adzaziona.