Mlandu wa Kabokosi ka Mau Asanu

Mwezi watha mlongo wanga wa ku Vubwi ananditumira lamya m'mamawa, ine ndisanasambe n'komwe. "Acimwene, bwerani mudzalange mwana wanu," anatero. "Watha zinthu m'nyumba muno. Ciri conse cimene wagwira atsegula. Tsopano wadula nthambo yochajira lamya ya atate ake, ndipo iwo alumbira kuti mkwapulo umene adzalandira sadzauiwala." Kwa ife Acewa mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo malume akaitanidwa pa mlandu sakana. Cotero Loweruka ndinanyamuka ku Chipata, mau odzudzula nditakonza kale.

Mnyamatayo, amene ali ndi zaka 14, ndinampeza kuseri kwa nkhokwe atakhala pa mphasa. Pambali pake panali mbaula, ndipo m'makala munali msomali wautali umene anali kusungunulira mtovu polumikiza nthambo. Patsogolo pake panali kabokosi kotsegula, zam'kati zonse ziri poyera. Nditayang'anitsitsa, mau anga odzudzula aja anathawa, pakuti kabokosiko kanali kanga.

Owerenga ena adzakumbukira timakina tamasewera timene tinali kulumikiza ku wailesi ya kanema, tokhala ndi makaseti acikasu. Ndinayamba kutiona ku Katete m'caka ca 2000, ndiri ndi zaka khumi. Mwini sitolo wina anali ndi kanema wosaonetsa mitundu, woyendera batire la galimoto, ndipo ife ana tinali kulipira K100 ya nthawi imeneyo kuti tisewere pang'ono. Pambuyo pake amalume anga ogwira nchito ku Lusaka anandigulira kanga. Kanagwira nchito zaka ziwiri, tsiku lina kanatulutsa fungo la kupsa ndi kuzima. Ndinakaponya m'bokosi la malemu amai, ndipo bokosilo ndilo linapita kwa mlongo wanga.

"Amalume, musakalipe msanga, yambani mwamva," anatero mnyamatayo. Iye anapeza kuti cinapsa ndi kacitsulo kamodzi kokha, kocepetsa mphamvu ya magetsi. M'kati mwake kabokosiko kafuna mavoti 5 cabe, mphamvu yofanana ndi yochajira lamya. Ndico cifukwa cake anadula nthambo ya atate ake, nailumikiza ku batire la sola la pa nyumbapo. Kanema alibe, cotero zithunzi sanazione. Anatenga wailesi yakale imene inaleka kugwira masiteshoni koma mbali yake yokuzira mau iri yamoyo, nalowetsamo nthambo ya mau a kabokosiko. Atasindikiza batani, nyimbo imene ndinaimva komariza ndiri mwana inalira kuseri kwa nkhokwe ku Vubwi.

"Muli oimba anai m'menemu," iye anapitiriza. "Awiri a mau aang'ono, mmodzi wa besi, ndi mmodzi wongoti tswee ngati maseche. Mario akadumpha, mmodzi wa awiri aja aleka nyimbo kuti alire kudumphako, kenaka abwerera." Mwanayu anali atakhala masiku ambiri akusewera mosaona kanthu, akumvetsera cabe.

Nditabwerera ku nchito ndinawerenga za makinawa, ndipo ndinapeza kuti makutu ake sanam'namize. Kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina ochedwa Famicom m'caka ca 1983. Amene anafika kuno ambiri anali otengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China. Kacipangizo koyendetsa Famicom, kopangidwa ndi kampani ya Ricoh, kali ndi mau asanu okha: anai amene mwanayo anawerenga, ndi acisanu olizira timau tatifupi tojambulidwa, amene masewera oyambirira sanali kuwagwiritsa nchito kawirikawiri. Ndi mau ocepawo Koji Kondo anapeka nyimbo za masewera a Super Mario Bros. a m'caka ca 1985, zimene lero zidziwika pa dziko lonse. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo kabokosi kosauka aka kanaidziwadi.

Ndinapezanso kuti cimene mwanayu acita kuseri kwa nkhokwe, anthu aakulu m'maiko ena acicita poyera ndipo alemekezedwa naco. Iwo afunafuna makina akale, makamaka Game Boy amene anatuluka m'caka ca 1989 ndipo ali ndi mau anai. Awatsegula, aikamo nyali kuti galasi lake lioneke usiku, ndi kuwotcherera nthambo zatsopano kuti mau atuluke oyera popita ku masipika aakulu. M'caka ca 1998 Oliver Wittchow wa ku Germany anapanga Nanoloop, ndipo m'caka ca 2000 Johan Kotlinski wa ku Sweden anapanga Little Sound Dj. Awa ndi maprogramu oikidwa m'kaseti, amene asandutsa Game Boy kukhala coimbira. Nyimbo zotere azicha chiptune, ndipo m'caka ca 2006 mu mzinda wa New York munayamba msonkhano wa oimba nyimbozi wochedwa Blip Festival, umene unacitika kwa zaka zingapo.

Komatu luso lotere si lacilendo kwathu kuno. Ndani wa ife sanaone anyamata akupanga banjo ndi cigubu ca mafuta, kapena babatoni wa nthambo imodzi, naimba nyimbo yoti mudzi wonse uvine? Ine ndinayesako ku Sinda, kumene atate anali kulima thonje. Banjo yanga inasowa nthambo, ndipo ndinasolola ya mabuleki a njinga yao. M'mawa mwake atate anali ndi ulendo wokagulitsa thonje. Anandikwapula, naphwanya banjo ija ndi phazi. Kulakwa ndinalakwadi, pakuti ndinaba. Koma pamodzi ndi kuba, mkwapulo uja unacotsanso cidwi. Kucokera tsiku limenelo sindinatsegulenso kanthu, ndipo lero ngakhale tochi ikafa ndipita nayo kwa okonza. Tsidya la malire, ku Kasungu m'dziko la Malawi, William Kamkwamba anayamba ndi kutsegula mawailesi akufa, ndipo m'caka ca 2002 anamanga makina a mphepo opatsa magetsi pa nyumba ya makolo ake.

Madzulo a tsiku lija tinakhala pansi ndi mlamu wanga. Dandaulo lake linali loona. Nthambo ija inali imodzi yokha pa nyumbapo, ndipo lamya ndiyo alandirira ndalama ndi mauthenga a feteleza. Masiku atatu inali yozima. Ndiponso aphunzitsi anali atadandaula kuti mwanayo aodzera m'kalasi.

Mlandu tinauweruza motere. Mwanayo anagwada napepesa, ndipo adzalima mizere ya m'dimba kulipira nthambo yatsopano imene ndinagula. Adzatsegula zinthu zakufa zokha, atapempha mwini wake, ndiponso atatha nchito ya sukulu. Ndinamletsa zinthu ziwiri: kanema wakale wa cimimba, cifukwa asunga magetsi oopsa ngakhale atazimidwa, ndi batire la lamya, limene likaboola lingathe kuyaka moto. Mtovu asungunulire panja pa mphepo, ndipo asambe m'manja asanadye. Koma mkwapulo ndinaukana. Mlamu wanga sanakondwe kweni-kweni. "Alamu, mwana ndi wanu," anatero, "koma akalephera mayeso, mlanduwo udzakhalanso wanu." Ndinabvomera, ndipo mau amenewo ndikali kuwasenza.

Inu makolo a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, m'nyumba zathu muli mawailesi, matochi ndi nyali za sola zimene zinafa kale, zongodya malo. Mukaona mwana akuzungulira cinthu camoyo ndi mpeni m'manja, mletseni, koma mpatseni cakufa. Kabokosi kanga ndinakasiya ku Vubwi. Mnyamatayo wandipempha kaseti ina, ndipo ndayamba kale kufunsa m'misika ya ku Chipata.